Chipinda chopumira cha anamwino: kodi chingachepetse kupanikizika pa ntchito yathu?

Inchaji wa wodi ya ana

Ndikupereka moni kwa inu nonse a m'gulu lino, akuluakulu ndi anzanga. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha nzeru zanu ndisanakaitule kwa oyang'anira chipatala chathu.

Sabata yatha, pa naiti, tinataya mwana wa zaka ziwiri amene anafika mochedwa ndi malungo aakulu, magazi atatheratu m'thupi. Namwino amene anali naye ndi mtsikana amene sanathe chaka chiyambireni ntchito. Anavutika kupeza mtsempha, anathamangira yekha ku labu kukatenga magazi, koma mwanayo anatsirizika cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Mayi a mwana atayamba kulira, amayi anzawo a m'wodi anadzuka pa zitenje zawo n'kuwaperekeza ku mochale akuimba nyimbo, monga timachitira. Amene anatsala wopanda womuperekeza ndi namwino uja. Pomwe ankapereka lipoti m'mawa ndinaona maso ake atatupa, ndipo nditamufunsa pambali anandiuza kuti anadzitsekera m'chipinda cha sluice, momwe timatsukira ziwiya zakuda, analira pang'ono, anasukusula pa mpopi womwewo, n'kubwerera kudzabaya ana ena mankhwala a nthawi imeneyo. M'wodi yonse panalibe malo ena amene akanatseka chitseko.

Pafupi ndi wodi yathu pali kachipinda kodzaza ndi mabedi othyoka ndi zoimikapo madiripi zadzimbiri. Ndikufuna kupempha kuti tikapatsidwe kakhale chipinda chopumira cha anamwino. Kodi alipo amene anaonapo chipinda chotere chikugwira ntchito, ndipo chinathandizadi?

Namwino wa ku Britain

Pepani kwambiri, achemwali, ndipo mumupepesenso mtsikanayo. Ine ndinachiona chipinda chotere ndi maso anga. M'chaka cha 2020, Covid-19 itafika pachimake, zipatala zambiri za NHS, zomwe ndi zipatala za boma kuno ku Britain, zinatsegula timalo tomwe ankatitcha wobble room, dzina lochokera ku mawu otanthauza kudzandira, ndiye kuti malo amene munthu amapitako akamva kuti miyendo yayamba kumulemera ndipo misozi ili pafupi. Chathu chinali chaching'ono: mipando iwiri yofewa, nyale yosathobwa m'maso, ketulo, tiyi, mapepala opukutira misozi, ndi kope lomwe aliyense ankalembamo mawu olimbikitsa amene adzalowe pambuyo pake. Lamulo linali limodzi lokha, lakuti wolowamo safunsidwa chifukwa chimene walowera. Nthawi yomweyonso ogwira ntchito m'ndege, amene ndege zawo zinali zitaima, anayambitsa ntchito yodzipereka yotchedwa Project Wingman, yomwe ankakonza malo ochezera m'zipatala n'kumatiphikira tiyi ife.

Ine chinandithandiza, sindingakane. Koma ndikuuzeninso mapeto ake. Mliri utachepa, chipinda chathu chinasanduka ofesi, ndipo palibe amene anatifunsa. Choncho mukamakapempha, mupemphe kuti zilembedwe m'maminitsi kuti chipindacho ndi cha ntchito imeneyi basi. Kunonso lamulo limati wogwira ntchito maola opitirira 6 ayenera kupuma mphindi 20 mosadukiza, komabe pa mashifiti a maola 12 ndaona anzanga ambiri akudya chiimirire chifukwa wowalandira palibe.

Namwino wa kumudzi

Ndikhululukireni ngati mawu anga amveke olimba, koma nkhaniyi ikundikumbutsa chikomekome cha mkuyu. Pa chipatala chaching'ono chimene ndimagwirapo tilipo anamwino awiri, ndipo mnzanga akapita ku maphunziro kapena ku maliro ndimatsala ndekha ndi sikelo ya amayi oyembekezera, kulera, matenite ndi odwala obwera usiku. Nyumba yanga ili pa mtunda woti gadiyani amangogogoda pa zenera, choncho ngakhale kunyumba sindinaweruke. Mutandimangira chipinda chokongola lero, ndani adzatsale ndi mayi amene ali pa bedi lochirira ine ndikamakapuma? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2020 kuti dziko lonse likuperewera anamwino 5.9 miliyoni, ndipo kuperewera kwakukulu kuli m'maiko ngati lathu lino. Pali anamwino amene anatsiriza sukulu ndipo akukhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito, pamene ife tikudalira lokamu, maola owonjezera olipidwa padera, imene ndalama zake zimachedwa. Nkhawa yanga ndi yakuti akuluakulu adzapenta kachipinda, adzajambulitsa, kenako n'kunena kuti vuto la anamwino alithetsa.

Mphunzitsi wa anamwino

Mayi a kumudzi anena zoona, ndipo ndikufuna kuyambira pomwepo ndisanafotokoze zimene kafukufuku anapeza. Mu 2019 bungwe la WHO linaika kutopa kumene timakutcha burnout m'buku lake la mndandanda wa matenda ndi zovuta zaumoyo lotchedwa ICD-11, ndipo linatsindika kuti si matenda a munthu payekha, koma chinthu chochokera ku kupanikizika kwa pa ntchito kumene kwakhala nthawi yaitali osasamalidwa. Zizindikiro zake ndi zitatu, zomwenso Christina Maslach ndi Susan Jackson anaziyeza m'mafunso awo a 1981: kutheratu mphamvu mwakuti tulo ta usiku umodzi situthandiza, kuuma mtima mpaka wodwala kuyamba kuoneka ngati nambala ya bedi, ndi kudziona ngati wolephera ngakhale pa ntchito imene umaidziwa bwino. Ngati gwero ndi kayendetsedwe ka ntchito, ndiye kuti chipinda pachokha sichingachotse gwerolo. Zimenezi tisabisane.

Komabe umboni woti malo opumira amapepuza ulipo. Ku chipatala cha Mount Sinai mu mzinda wa New York, mu 2020, anasandutsa zipinda za kafukufuku zomwe zinali kungokhala kuti zikhale malo opumira. Anaikamo zomera zochita kupanga, zithunzi zoyenda za nkhalango ndi nyanja zoonetsedwa pakhoma, kamvekedwe ka madzi ndi mbalame, ndi fungo lokoma. Ogwira ntchito pafupifupi 500 anafunsidwa asanalowe ndi atatuluka, ndipo atakhalamo mphindi 15 zokha, kupanikizika kumene ankadzimva kunatsika ndi pafupifupi 60 peresenti. Chiwerengerochi n'chokopa, koma tichiwerenge mosamala, chifukwa anthuwo ankadziyeza okha atangotuluka kumene, ndipo panalibe gulu lina lofanizira nalo limene linangokhala pa benchi wamba mphindi 15 zomwezo. N'kutheka kuti gawo lalikulu la phindulo linachokera ku kukhala pansi ndi kusaitanidwa, osati ku zithunzi za pakhoma.

Kafukufuku amene ndimamukonda ine ndi wa ku chipatala cha Legacy Emanuel ku Portland, m'chigawo cha Oregon, amene anasindikizidwa mu 2018. Anamwino omwewo anapumira masabata 6 m'munda wa maluwa wa pachipatala, ndipo masabata ena 6 anapumira m'zipinda zamkati zomwenso zinali zabwino ndithu. Pa nthawi ya m'munda, kutheratu mphamvu ndi kuuma mtima kunachepa, pamene pa nthawi ya m'zipinda kusintha kotere sikunaoneke. Anamwinowo anali ochepa, choncho sitinganene zambiri, koma zikugwirizana ndi zimene Roger Ulrich anapeza kale mu 1984 pa odwala ochitidwa opaleshoni ya ndulu ku Pennsylvania: amene zenera lawo linayang'ana mitengo anatuluka msanga ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa kusiyana ndi amene zenera lawo linayang'ana khoma la njerwa.

Kwa ife nkhani imeneyi ndi yolimbikitsa, chifukwa makina oonetsera nkhalango pakhoma sitingawakwanitse, ndiponso magetsi akazima angakhale opanda ntchito, koma mitengo yeniyeni tili nayo. Zipatala zathu zambiri n'zapansi, zokhala ndi makonde ndi mipata pakati pa mawodi. Benchi pansi pa mtengo wa mango, lotchingidwa ndi mpanda wa maluwa kuti magadiyani asamakuone, lili pafupi kwambiri ndi chimene kafukufuku wa ku Portland anayesa.

Matironi wopuma

Ana anga, ndawerenga zonse ndipo mtima wanga uli kwa mtsikana wa mu sluice uja, chifukwa inenso ndinalirirapo malo ngati amenewo zaka zambiri zapitazo. Pa zaka zanga za ntchito ndinaona kuti chovuta si kupeza chipinda ayi, koma kupeza chilolezo. Ife tinaleredwa ndi chiphunzitso choti namwino wabwino sakhala pansi, ndipo ena mwa ife titakhala akuluakulu tinapitiriza kuyang'ana ndi diso loipa aliyense amene tamupeza atagwira kapu ya tiyi. Ndikuvomera kuti inenso ndinachitapo zimenezi, ndipo ndimadandaula. Namwino wamng'ono sadzalowa m'chipinda chimenecho ngati sanaonepo inchaji wake akulowamo. Choncho inu amene mwayambitsa nkhaniyi, mudzayambe ndinu kupuma poyera, mukunena momveka kuti, ndikukapuma mphindi 20, uje wagwira wodi.

Chachiwiri ndi maso a anthu. Gadiyani amene mwana wake akupuma movutikira akaona namwino atakhala pa mpando wandalema, sangamvetse, ndipo sitingamudzudzule. Mawa lake nkhani idzakhala ili pa wailesi kapena pa Facebook yakuti anamwino akungogona odwala akufa. N'chifukwa chake chipindacho chikhale ndi chitseko ndi katani, ndipo m'wodi musakhale mopanda munthu wa yunifolomu ngakhale mphindi imodzi. Mukafotokozerenso komiti ya alangizi a chipatala, mmene muli mafumu ndi azipembedzo, kuti amve kuchokera kwa inu eni kuti namwino wolalata amene anthu amamudandaula uja nthawi zambiri amakhala munthu amene wagwira ntchito kuyambira madzulo mpaka m'mawa osamwa ngakhale madzi. Sindikuikira kumbuyo mwano, koma ndikunena kumene umachokera.

Namwino wa ku ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya)

Zikomo amayi chifukwa cha mawu amenewo. Ine ndikufuna tikambe nkhani imene timaizemba, ya kugona pa naiti. Naiti yathu imayamba madzulo dzuwa lisanalowe n'kutha m'mawa dzuwa litakwera, ndipo thupi la munthu limafooka kwambiri pakati pa 3 ndi 5 koloko m'bandakucha, nthawi yomweyo imene timawerengetsera mlingo wa mankhwala a odwala ofooka kwambiri. Tonse timadziwa kuti anthu amagona, koma amagona mobisa, pa matiresi oyala pansi kuseri kwa tebulo kapena pa bedi la wodwala lopanda munthu, ndipo poti n'zobisa, palibe amene amadziwa kuti wagona ndani, wagona kuti, ndipo adzuka nthawi yanji. Kugona kobisa ndiko koopsa. Tulo tokonzedwa, ta mphindi pafupifupi 20, timatsitsimula maganizo, pamene munthu akapitirira n'kulowa m'tulo tofa nato amadzuka mutu uli wolemera ndipo amatenga kanthawi kuti ayambe kuganiza bwino. Ndikanakonda chipinda chopumira chikhale ndi mpando umodzi wotha kugonerapo, wotchi yodzutsa, ndi pepala pakhomo polemba dzina ndi nthawi yobwerera.

Kwathu ku ICU chimene timachilakalaka koposa ndi bata. Makina amalira usiku wonse, ndipo ine ndimafika kunyumba kulira kuja kukumvekabe m'makutu. Chonde musaikemo wailesi yakanema m'chipindamo.

Wophunzira wa chaka chachitatu

Ndikupempha kufunsa mwaulemu, akuluakulu anga. Kodi ife ophunzira tidzaloledwa kulowamo? Kumene ndinachitira maphunziro a m'wodi chaka chatha kunali chipinda cha tiyi, koma kiyi ankakhala m'thumba la munthu mmodzi, ndipo iye akaweruka chipindacho chinkakhala chokiya mpaka m'mawa. Ife tinkadyera pa masitepe a kuseri. Ndikuganiziranso amayi ndi abambo osesa ndi onyamula odwala, amene amatsuka magazi ndi kunyamula mitembo ya ana omwewo, koma sawerengedwa tikamakamba za kupanikizika.

Matironi wopuma

Mwana wanga, funso lako ndi lolondola. Aliyense wogwira ntchito m'wodi imeneyo alowe, ndipo kiyi apachikidwe pa msomali pamalo odziwika kwa onse. Chipinda chimene chimatsegulidwa masana okha n'chopanda phindu, chifukwa masana pali anthu ambiri oti ulankhule nawo, koma usiku ndi pamene munthu amakhala yekha.

Mzamba wa pa chipatala cha boma

Ndikufuna kuwonjezera mbali imene sinatchulidwe. Pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno la Malawi, ndinatumizidwa kukathandiza ku matenti. Kumeneko tinali ndi kona imodzi ya tenti, yokhala ndi benchi ndi ndowa ya madzi akumwa, kumene tinkavula magolovesi n'kukhala pansi awiriawiri. Panalibe chokongola chilichonse, ndipo fungo la klorini linali paliponse, koma chimene chinandichiritsa ine ndi chakuti pa benchipo pankakhala mnzanga amene waona zomwe ndaona. Ku matenite n'chimodzimodzi. Mayi akamwalira pochira, chimene chimatsatira ndi mafomu ndi msonkhano wounika imfayo, ndipo ngakhale cholinga chake sikuloza chala munthu, mzamba amapitako mtima uli m'mwamba. Palibe amene amayamba wamufunsa kuti, kodi iwe wagona?

Choncho ndikupempha kuti chipindacho chikhale ndi mipando iwiri, osati umodzi, ndipo pakhale mgwirizano woti imfa yowawa ikachitika, wamkulu pa shifiti amutenge mnzakeyo kwa mphindi zochepa. Tizindikirenso malire ake. Namwino amene wasiya kudya, amene sakugona masabata angapo, amene wayamba kudalira mowa kapena amene akulankhula zofuna kudzipha, safunika tiyi koma thandizo la akatswiri a maganizo, ndipo pakhoma payenera kulembedwa kumene angalipeze mwachinsinsi. Maganizo osamalira osamalira anzawo si achilendo kuno kum'mwera kwa Africa. Bungwe la anamwino la padziko lonse la ICN linathandiza kutsegula malo oyamba osamalira thanzi la ogwira ntchito zachipatala ku Swaziland, dziko lomwe tsopano likutchedwa Eswatini, mu 2006, pa nthawi imene Edzi inkatenga anamwino ambiri amene ankaopa kuima pa mzere umodzi ndi odwala awo. Chifukwa chake chinali chomwechi, chakuti wothandiza anzake amafunikanso malo obisika pomwe iye angathandizidwe.

Pomaliza, chipindachi chisasanduke malo a misonkhano, a mapemphero a gulu kapena ogulitsirapo zitenje ndi mandasi. Wofuna kupemphera apemphere chamumtima, kuti mnzake wa chipembedzo china kapena wongofuna kukhala chete asamangike.

Namwino wa kumudzi

Ndamva zonse, ndipo sindikutsutsa kuti mtsikana uja anayenera kukhala ndi malo abwino kuposa sluice. Chimene ndikupempha n'chakuti mukalata yanu yopempha chipinda mulembemonso chiwerengero cha ana amene namwino mmodzi amasamalira pa naiti, kuti owerenga aone zinthu ziwirizi pa tsamba limodzi. Mukapempha chipinda chokha, mudzapatsidwa chipinda chokha.

Namwino wa ku Britain

Ndikugwirizana nawo mayiwa. Ndikuwonjezera kuti mtunda ndi wofunika kwambiri. Chipinda china chachikulu ndi chokongola chinatsegulidwa ku nyumba ina ya chipatala chathu, koma kupita ndi kubwera kunkadya theka la nthawi yopuma, ndiye anamwino a m'mawodi sankapitako, ankapitako ndi a m'maofesi. Kachipinda kanu ka mabedi othyoka kali ndi mwayi woti kali pafupi, moti mnzanu akakuwa mudzamva.

Inchaji wa wodi ya ana

Ndikuthokoza nonse kuchokera pansi pa mtima. Dzulo nditaweruka ndinakalowa m'kachipinda kaja ndi mmodzi wa a komiti yoona za ubwino wa ntchito, amene amatsogolera 5S, ndondomeko yokonza ndi kusamala malo a ntchito, pachipatala pathu, ndipo iye anati kuchotsa katundu wowonongeka ndi gawo loyamba la ntchito yawo kale, choncho mabediwo akhoza kulembedwa n'kupita kosungira zakutha popanda kudikira ndalama. Titasuntha bedi limodzi tinapeza kuti kuseri kwake kuli zenera limene linakhomedwa ndi misomali, ndipo likuyang'ana kumene kuli mtengo wa mango, osati ku khonde la magadiyani. Zofunika kugula ndi laimu, katani, ketulo ndi loko. Mipando iwiri ilipo ku ofesi ina imene sikugwiritsidwa ntchito.

Kalata ndailemba monga mwandilangizira. Ndime yoyamba ikufotokoza za usiku uja popanda kutchula dzina la mtsikanayo, yachiwiri ili ndi chiwerengero cha ana amene anagona m'wodi usiku uliwonse mwezi wathawu pamodzi ndi cha anamwino amene analipo, ndipo yachitatu ndiyo ikupempha chipinda, ndandanda ya nthawi yopuma, ndi kuti zilembedwe m'maminitsi. Mfundo ya tulo ta mphindi 20 ndaiikamo ngakhale ndikudziwa kuti idzavuta, chifukwa ndi bwino akane chinthu chimene tanena poyera. Chimene chikundivutabe ndi usiku umene namwino amakhala mmodzi m'wodi. Ndaganiza zopempha kuti wodi yathu ndi yoyandikana nayo zizibwerekana munthu kwa theka la ola, wina cha m'ma 1 koloko, wina cha m'ma 2 koloko, ndipo inchaji wa kumeneko wati tikambirane mawa.

Msonkhano wa oyang'anira uliko Lachiwiri. Mtsikana uja akubwerera pa naiti Lachinayi, ndipo ndasinthana ndi mnzanga kuti usiku umenewo ndidzakhale naye ineyo.